Mmene mungawerengere ma ohm ndi ma watt kuchokera pa voteji ndi karenti

Munthu amagula panelo ya sola, batire ndi mababu anayi, n'kulumikiza zonse ndi waya amene wamupeza pafupi. Sabata yoyamba nyumba iwala bwinobwino. Kenako abwera ndi TV, aiika pa waya yemweyo, ndipo ikamati 8 koloko usiku mababu ayamba kuphethira, TV ikungozima yokha mpira uli mkati. M'tauni nkhani yake ndi ina: ketulo, ayironi ndi hotplate zonse pa ekisitenshoni imodzi, mpaka pulagi kusungunuka, fungo la pulasitiki kuti gu m'nyumba monse. Eni nyumba onse awiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa katundu wa feki. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri pali samu yaing'ono imene sinachitidwe.

Samu yake ndi iyi: mukadziwa voteji ndi karenti, mutha kupeza resistance ndi mphamvu imene chipangizo chikudya. Mukazipeza, mudziwa waya woyenera, fyuzi yoyenera, maola amene batire ingakutumikireni, ndiponso kumene mayunitsi anu akupita.

Zofunika kukhala nazo

- Multimeter ya digito, chida choyezera voteji, karenti ndi resistance. Amisiri ambiri amangoti mita. Yotsika mtengo ikwanira, bola ikhale ndi mabowo atatu: COM, lina lolembedwa VΩmA, ndi lina lolembedwa 10A.
- Kalikuleta. Ya pafoni ndi yokwanira.
- Kope ndi cholembera. Musadalire mutu, manambala a magetsi amafanana kwambiri.
- Batire ya 12V ndi babu la 12V zophunzirira. Babu la mabuleki a galimoto, la 21W, ndi labwino pa ntchito imeneyi.
- Tizidutswa ta waya ndi tizipanira ta mano, kuti manja anu asatanganidwe ndi kugwira.
- Clamp meter, ngati mukufuna kuyeza karenti ya zipangizo za m'soketi. Ngati mulibe, musadandaule, pali njira ina pa gawo 6.

Pamwamba pa tsamba loyamba la kope lembani izi:

V ndi voteji, mphamvu yokankha magetsi, imayezedwa m'ma volt.
I ndi karenti, kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya, imayezedwa m'ma amp, chizindikiro chake A.
R ndi resistance, kukaniza kwa chinthu kuti magetsi asadutse momasuka, imayezedwa m'ma ohm, chizindikiro chake Ω.
P ndi mphamvu imene chipangizo chikudya, imayezedwa m'ma watt, chizindikiro chake W.

R = V ÷ I
P = V × I
I = P ÷ V

Masamu ena onse a m'munsimu akuchokera pa mizere itatu imeneyi.

Gawo 1: Yambani mwawerenga zolembedwa pa chipangizo

Mita isiyeni kaye. Tembenuzani ketulo, chaja kapena ayironi, mupeza kachikwangwani kokhala ndi manambala. Nthawi zambiri pamakhala awiri mwa anayi aja, ndipo awiri ndi okwanira.

Ketulo yolembedwa 230V 2000W yakupatsani V ndi P. Karenti yake ndi 2000 ÷ 230 = 8.7A. Chaja ya foni yolembedwa 5V 2A yakupatsani V ndi I, ndiye mphamvu yake ndi 5 × 2 = 10W.

Chenjezo: chaja, adaputa ya laputopu ndi inveta (yosandutsa magetsi a batire kukhala onga a m'soketi) zimakhala ndi mizere iwiri, Input ndi Output. Input ndi zolowa kuchokera ku soketi, Output ndi zotuluka kupita ku chipangizo. Voteji ya mzere umodzi musaichulukitse ndi karenti ya mzere winawo. Mukatenga 240V ya Input n'kuchulukitsa ndi 2A ya Output mupeza 480W, ngati kuti chaja ya foni ingaphike tiyi.

Gawo 2: Yezani voteji

1. Lowetsani chingwe chakuda m'bowo la COM, chofiira m'bowo la VΩmA.
2. Potokolani mita pa V yokhala ndi mzere wowongoka ndi timadontho pansi pake. Imeneyo ndi DC, ya mabatire ndi sola. V yokhala ndi mzere wopindikapindika ndi AC, ya m'soketi.
3. Ngati mita yanu ili ndi manambala osankha, sankhani loposa voteji imene mukuyembekezera. Pa batire ya 12V sankhani 20.
4. Khudzitsani nsonga yofiira pa +, yakuda pa −, ndipo lembani chimene chaoneka.

Batire wamba ya asidi yodzaza, imene yapuma kwa maola angapo, imaonetsa cha m'ma 12.6V kapena 12.7V. Ikamaonetsa 12.2V ndiye kuti yatsala pafupifupi theka. Mukaona chizindikiro cha − patsogolo pa nambala, mwangosemphanitsa zingwe, palibe chaonongeka.

Voteji imene ikufunika pa samu ndi ya pamene chipangizo chikugwira ntchito, ndipo muiyezere pa chipangizo penipenipo, osati ku batire kokha. Batire yotopa imatha kuonetsa 12.5V ikakhala yokha, koma mukangoyatsa TV n'kugwera pa 11V. Mukatenga 12.5V ija, samu yonse yasokera.

Chenjezo: magetsi a m'soketi kuno ku Malawi ndi 230V, ndipo amapha. Thupi lonyowa limatha kukhala ndi resistance ya 1000Ω yokha. Werengerani nokha: 230 ÷ 1000 = 0.23A. Zida zotetezera anthu m'nyumba zimapangidwa kuti zidule magetsi pa 0.03A, ndiye onani kutalikirana kwake. Ngati simunaphunzire ntchitoyi, pa zipangizo za m'soketi ingogwiritsani ntchito nambala ya 230 pa samu, mita yanu muziphunzirira pa 12V.

Gawo 3: Yezani karenti

Apa ndi pamene mamita ambiri amafera, ndiye tipite pang'onopang'ono.

Poyeza voteji mumangokhudza mbali ziwiri za chinthu, osadula kalikonse. Karenti siyezedwa choncho. Magetsi onse amene akupita ku babu ayenera kudutsa mkati mwa mita, ngati mmene madzi onse olowa pakhomo amadutsira mu mita ya madzi. Choncho muyenera kudula njira ya magetsi pamalo amodzi, mita n'kukhala mlatho wolumikiza pamene mwadulapo.

1. Chotsani waya wa babu pa + ya batire. Waya wa ku − musiyeni pomwepo.
2. Sunthani chingwe chofiira cha mita, muchilowetse m'bowo la 10A. Chakuda chikhalebe pa COM.
3. Potokolani mita pa 10A ya DC.
4. Panani nsonga yofiira pa + ya batire, yakuda pa waya mwachotsa uja.
5. Babu liyaka. Lembani nambala, kenako chotsani msanga. Mamita ambiri amalembedwa pafupi ndi bowolo kuti musapitirire masekondi 10 kapena 15 pa karenti yochuluka.
6. Mukangomaliza, bwezerani chingwe chofiira m'bowo la VΩmA. Chitani zimenezi nthawi yomweyo, musanayankhe foni, musanapite kukamwa madzi.

Mfundo yachisanu ndi chimodziyi ndinaiphunzira ndi manyazi. Ndinapita kwa alamu anga kukawaonera sola imene inkavuta. Nditayeza karenti ya mababu, anandiitanira nsima. Pobwera ndinati ndione voteji ya batire, chingwe chikadali m'bowo la 10A. Ndinangokhudza mitu iwiri ya batire, kunamveka kuti tcha, kamoto kuthetheka, nsonga yofiira n'kudyeka kumapeto. Alamu anangoti, "Achimwene, kodi mwabwera kudzakonza kapena kudzamalizitsa?" Chimene chinachitika n'chosavuta: bowo la 10A mkati mwake ndi kachitsulo kamene resistance yake ili pafupifupi ziro. Kuliika pakati pa + ndi − n'chimodzimodzi kugoneka sipanala pamitu ya batire. Mita yokhala ndi fyuzi pa bowolo imangopsereza fyuzi. Zotsika mtengo zambiri zilibe, ndipo zimalembedwa kuti unfused. Zimenezo zimapsa zingwe, nthawi zina ndi chala chomwe.

Chenjezo lina: ngati simukudziwa kuti karenti ikhala yochuluka bwanji, yambani ndi bowo la 10A nthawi zonse. Bowo la mA limalola 200mA yokha pa mamita ambiri. Babu la 21W lingapsereze fyuzi yake kamodzi n'kamodzi, ndipo pambuyo pake mita imangoonetsa ziro pa karenti iliyonse, inu n'kumaganiza kuti babu ndi lomwe lafa.

Musayese njira yodula wayayi pa 230V. Kumeneko ndi kwa clamp meter, imene imangokumbatira waya osamusenda. Nayonso ili ndi msampha wake: ikumbatire waya mmodzi yekha, wa bulauni kapena wofiira m'nyumba za mawaya akale. Mukakumbatira chingwe chonse cha ketulo, chokhala ndi mawaya atatu mkati, muona ziro, chifukwa karenti yopita ndi yobwerera zimafafanizana. Dziwaninso kuti ma clamp meter ambiri otsika mtengo amayeza AC yokha, pa batire ya sola sawerenga kanthu.

Gawo 4: Sinthani manambala akhale m'ma volt, ma amp ndi ma ohm

1000mA ndi 1A. Ngati mita yaonetsa 350mA, pa samu mulembe 0.35. Momwemonso 1kW ndi 1000W, ndipo 4.7kΩ ndi 4700Ω. Yankho likatuluka lodabwitsa, monga kababu ka LED kodya 4200W, bwererani pano.

Gawo 5: Werengerani resistance

Tinene kuti pa babu la mabuleki lija mwapeza 12.4V ndi 1.7A.

R = V ÷ I = 12.4 ÷ 1.7 = 7.3Ω

Pa ketulo ija: 230 ÷ 8.7 = 26.4Ω. Ayironi ya 1200W imakoka 1200 ÷ 230 = 5.2A, ndiye resistance yake ndi 230 ÷ 5.2 = 44Ω. Onani mmene zikuyendera: chipangizo champhamvu kwambiri ndi chimene chili ndi resistance yochepa. Ambiri amaganiza mosemphanitsa.

Ngati mwangodziwa voteji ndi ma watt, pali njira yachidule: R = V × V ÷ P. Pa ketulo, 230 × 230 ÷ 2000 = 26.45Ω. Kusiyana kwakung'onoko kwabwera chifukwa tinadula manambala a pambuyo pa kadontho, musavutike nako.

Nambala imeneyi ili ndi ntchito yeniyeni. Ketulo ikasiya kutentha, mutha kudziwa ngati elementi yafa musanapite nayo kwa mmisiri. Zulani pulagi pa soketi, ikani ketulo pa chikhazikitso chake, dinani switchi yake, potokolani mita pa Ω, pa 200, n'kukhudza mano awiri a m'munsi a pulagi. Mukaona nambala yoyandikira 26, elementi ndi njira yonse zili bwino, vuto lili ku soketi. Mukaona OL kapena 1 yekha kumanzere kwa sikirini, njira yaduka penapake: fyuzi ya m'pulagi, switchi, kapena elementi imene. Yambani ndi fyuzi, ndiyo yotchipa. Mukaona pafupifupi ziro, pali shoti, musailowetsenso m'soketi.

Chenjezo: resistance imayezedwa pa chinthu chimene chachotsedwa ku magetsi. Mita ikakhala pa Ω imatulutsa timagetsi take tochokera mu batire yake yaing'ono. Ikakumana ndi magetsi ena, imanama kapena kupsa. Musanayeze ma ohm ochepa, khudzitsani nsonga ziwirizo pamodzi. Nambala imene yaonekayo, mwina 0.3 kapena 0.5, ndi ya zingwe za mita, ndipo muichotsere pa yankho.

Ndiye mudzayeza babu la mabuleki lija lili lozima, n'kupeza kuti silikufika ndi 1Ω yomwe, pamene samu inati 7.3Ω. Palibe amene walakwitsa. Kawaya ka mkati mwa babu lakale kakayaka kamatentha kwambiri, ndipo resistance yake imakwera kakhumi kapena kuposa. Babu lakale la 60W la m'nyumba likamayaka limakhala pa 882Ω, koma lozizira simulipeza likufika 100Ω. N'chifukwa chake mababu amenewa ankakonda kupsa nthawi imene mwangodina switchi: kawaya kozizira kamalola karenti yochuluka kwa kanthawi. Elementi ya ketulo ndi ayironi sisintha kwambiri chotero, ndiye kumeneko mita ndi samu zimagwirizana. Mababu a LED, ma TV ndi machaja ali ndi tizipangizo mkati, ndipo kuwayeza pa Ω sikukuuzani chilichonse chothandiza.

Gawo 6: Werengerani mphamvu

P = V × I = 12.4 × 1.7 = 21W

Zagwirizana ndi zolembedwa pa babu. Mukayeza babu la LED la 12V limene pabokosi analemba 12W, n'kupeza 0.4A pa 12.4V, ndiye kuti likudya 5W yokha. Apo ndiye mutha kunena za feki muli ndi umboni.

Ngati mukudziwa resistance, pali njira zina ziwiri: P = V × V ÷ R, ndi P = I × I × R. Yoyambayo imafotokoza chinthu chimene amayi ambiri amachidziwa kale m'khitchini. Madzulo, pamene nyumba iliyonse yayatsa chophikira, voteji imatha kutsika. Ikafika pa 200V, ketulo ija ya 26.4Ω imapereka 200 × 200 ÷ 26.4 = 1515W m'malo mwa 2000W. Voteji yatsika ndi 30 yokha, koma mphamvu yataya pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, chifukwa V yalowa mu samu kawiri. Madzi amachedwa kuwira, ketulo ilibe mlandu.

Amene mulibe clamp meter, mita ya mayunitsi ya pakhoma ikuthandizani osagwira waya aliyense. Zimitsani zonse m'nyumba, ndi furiji yomwe. Lembani mayunitsi amene atsala. Yatsani chipangizo chimodzi chokha kwa theka la ola, n'kulembanso. Ngati mayunitsi atsika ndi 0.6, pa ola lathunthu akadatsika ndi 1.2, ndiye chipangizocho chikudya 1200W, chifukwa yuniti imodzi ndi 1000W kwa ola limodzi. Gawani ndi 230, mwapeza karenti: 5.2A. Njirayi ndi yabwino pa zinthu zodya kwambiri. Pa babu limodzi la LED kusintha kwake sikungaoneke m'theka la ola.

Chenjezo: pa AC, V × I imapereka ma watt enieni pa zinthu zotenthetsa zokha, monga ketulo, ayironi, hotplate ndi giza. Pa zinthu za injini, monga furiji, fani ndi pampu ya madzi, yankholo limaposa ma watt enieni, n'chifukwa chake majenereta ndi mainveta ena amalembedwa VA (ma volt kuchulukitsa ndi ma amp) m'malo mwa W. Posankha waya ndi fyuzi tsatirani ma amp. Komanso furiji ikamadzuka imakoka karenti yochuluka kangapo kuposa ya nthawi zonse, ndiye inveta imene mwaiyezera ndendende pa ma watt a pa chikwangwani idzangolira n'kuzima.

Gawo 7: Werengerani zimene waya akudya

Gawo ili ndi limene anthu a sola amalidumpha, chonsecho ndi pamene pagona nkhani ya TV yozima yokha ija.

Waya nayenso ali ndi resistance. Waya wa kopa weniweni amakhala motere pa mita imodzi ya utali, malinga ndi kukhuthala kwake m'ma mm²:

- 0.5mm², wonga wa sipika: 0.034Ω
- 1.5mm²: 0.012Ω
- 2.5mm²: 0.007Ω
- 4mm²: 0.0043Ω

Tiyeni titenge nyumba ya koyambirira ija. TV ya 12V ya 36W ndi mababu anayi a 5W ndi 56W zonse pamodzi. Karenti: 56 ÷ 12 = 4.7A. Batire ili kuchipinda, mamita 10 kuchokera pa balaza.

1. Chulukitsani mtunda ndi 2. Magetsi amapita ndi waya mmodzi n'kubwerera ndi wina, ndiye utali wake ndi mamita 20.
2. Pezani resistance ya waya. Wa sipika: 20 × 0.034 = 0.68Ω.
3. Pezani voteji yotayika panjira: V = I × R = 4.7 × 0.68 = 3.2V.
4. Chotserani pa voteji ya batire: 12.4 − 3.2 = 9.2V. Ndi imene ikufika pa TV.
5. Pezani mphamvu yotayika: 4.7 × 3.2 = 15W.

Ma watt 15 amenewo ndi mababu atatu athunthu, koma akungofunditsa waya kuseri kwa kabati. Ndipo TV yopangidwira 12V singapirire pa 9.2V. Mwini nyumba amakagula batire ina yaikulu, vuto n'kukhala pomwepo, chifukwa batire sinalakwe.

Bwerezani samu ndi waya wa 2.5mm²: 20 × 0.007 = 0.14Ω, voteji yotayika 0.66V, mphamvu yotayika 3W. Ndi wa 4mm²: 0.086Ω, 0.4V, pansi pa 2W. Pa 12V yesetsani kuti zotayika zisapitirire cha m'ma 0.5V. Ngati ndalama ya waya wokhuthala palibe, sendezani batire pafupi ndi TV. Kudula mtunda pakati n'kudulanso zotayika pakati, ndipo n'kwaulere.

Mwina waya wanu alibe cholembedwa, kapena ndi uja wooneka ngati kopa kunja koma mukamupala ndi mpeni mkati ndi woyera. Ameneyo ndi aluminiyamu wokutidwa, ndipo resistance yake imaposa ya kopa ndi theka kapena kupitirira. Musavutike ndi kuyerekeza. Yatsani zonse, yezani voteji ku batire, yezaninso pa TV, chotserani, kenako gawani ndi karenti. Ngati ku batire kuli 12.4V, pa TV 10.9V, karenti 4.7A, ndiye 1.5 ÷ 4.7 = 0.32Ω. Nambala imeneyo yaphatikiza waya, maswitchi ndi mfundo zonse.

Mfundozo muzisamale. Mawaya awiri ongopotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi jumbo, akachita dzimbiri nyengo ya mvula, amatha kufika 0.5Ω pamalo amodzi. P = I × I × R = 4.7 × 4.7 × 0.5 = 11W, yonse pa kachidutswa kochepa ngati chala. Pansi pa denga la udzu, ma watt 11 a pamalo amodzi si nkhani yoseka. Mukayatsa zonse kwa mphindi khumi, yendani mukukhudza mfundo iliyonse ya mawaya a 12V. Yofunda imasuleni, muipale, muimange ndi cholumikizira cha masikuluwu.

Nanga bwanji m'nyumba za magetsi a ESCOM waya woonda amayendetsa TV popanda vuto? Chifukwa 56W pa 230V ndi 0.24A yokha. Pa waya yemwe uja wa 0.68Ω, zotayika ndi 0.16V, zosaoneka n'komwe. Voteji ikachepa, karenti iyenera kuchuluka kuti ma watt akhale omwewo, ndipo karenti ndi imene imatenthetsa waya. Choncho 12V imafuna waya wokhuthala kuposa 230V, ngakhale maso amaona ngati batire ndi kanthu kakang'ono. Inveta yotulutsa 300W imakoka 300 ÷ 12 = 25A ku batire, ndipo mukaonjezera zimene imadya yokha imayandikira 30A. Ketulo ya 2000W pa inveta ya 12V ingafune 167A. Tiyi wa kumudzi apitirize kuwira pa mbaula.

Gawo 8: Sankhani fyuzi, ndipo onani zimene ekisitenshoni ingathe

Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi mkati, kawirikawiri ya 3A, 5A kapena 13A. Werengerani karenti ya chipangizo, musankhe fyuzi yoposa pang'ono. TV ya 60W imakoka 0.26A, ya 3A ikwanira. Ketulo ya 8.7A ikufuna ya 13A.

Pulagi imodzi malire ake ndi 13 × 230 = 2990W. Ketulo ya 2000W ndi ayironi ya 1200W pamodzi ndi 3200W, kapena kuti 13.9A, mwadutsa kale. Onjezerani hotplate ya 1500W, mwafika 4700W, 20.4A. Kuchuluka kwa mabowo a ekisitenshoni sikutanthauza kanthu, zonse zimadutsa mu chingwe chimodzi. Ena mwa ma ekisitenshoni amalembedwa 10A kumbuyo, kutanthauza 2300W basi.

Pa sola, ikani fyuzi pa waya wa +, pafupi kwambiri ndi batire. Fyuzi za galimoto zija za mapulasitiki amitundumitundu zimagwira ntchito. Pa 4.7A, ya 7.5A ndi yoyenera, bola waya wanu akhale wotha kunyamula karenti yoposa imeneyo.

Chenjezo: fyuzi ikapsa, yagwira ntchito yake. Kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kulowetsapo kachidutswa ka waya, n'kusamutsira moto ku chingwe cha m'khoma. Za mawaya a m'khoma ndi bokosi la ma breaker, itanani mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Gawo 9: Sandutsani ma watt akhale maola ndi mayunitsi

Batire yolembedwa 12V 100Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola) imasunga 12 × 100 = 1200Wh (Wh ndi ma watt kuchulukitsa ndi maola). Ya asidi musamaikhuthule kupitirira theka, ikapanda kutero simukhala nayo nthawi yaitali, ndiye zanu ndi 600Wh. Nyumba ija ya 56W: 600 ÷ 56 = 10.7, maola oposa pang'ono 10 ndi theka. Kabatire kakang'ono ka 7Ah kamasunga 84Wh, theka lake 42Wh, ndipo 42 ÷ 56 = 0.75 ya ola, mphindi 45. Gawo loyamba la mpira lokha.

Ku mayunitsi, yuniti imodzi ndi 1000W kwa ola limodzi. Chulukitsani ma watt ndi maola, n'kugawa ndi 1000. Hotplate ya 1500W ikaphika nyemba maola awiri pa moto wonse yadya mayunitsi 3. Ketulo ya 2000W kwa mphindi zisanu: 2000 × 5 ÷ 60 ÷ 1000 = 0.17. Babu la LED la 9W kwa maola 6 ndi 0.054 yokha. M'nyumba zambiri ana amakalipiridwa chifukwa cha babu la kubafa, pamene nyemba zosanyika zikubwata pa hotplate kuyambira m'mawa. Kuti mudziwe mtengo, tengani ndalama zimene munalipira pogula mayunitsi komaliza, mugawe ndi mayunitsi amene munalandira.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Kuiwala chingwe chofiira m'bowo la 10A. Zolowerani kuyang'ana mabowo musanayang'ane sikirini, nthawi iliyonse mukanyamula mita.

Kufuna kudziwa "ma amp a batire" poika mita ya 10A pamitu yake. Batire ilibe karenti yokhazikika imene mungaiyeze choncho; chipangizo ndi chimene chimasankha kuti chikoka yochuluka bwanji. Nambala ya Ah ndi nkhokwe, si karenti imene ikuyenda.

Kuwerengera panelo ya sola ndi manambala olakwika. Kumbuyo kwake kuli Voc, Isc, Vmp ndi Imp. Mphamvu yake ndi Vmp × Imp, voteji ndi karenti za pamene panelo ikupereka mphamvu yake yonse, mwachitsanzo 18V × 5.5A, pafupifupi 100W. Voc ndi voteji ya pamene palibe cholumikizidwa, Isc ndi karenti ya pa shoti, ndipo ziwirizi sizichitika nthawi imodzi.

Kusokoneza AC ndi DC pa mita. Batire yoyezedwa pa AC imaonetsa ziro kapena nambala yopanda mutu, munthu n'kutaya batire yabwinobwino.

Kugwira nsonga zachitsulo ndi zala ziwiri poyeza resistance yaikulu. Thupi lanu limalowa mu samu, nambala n'kutsika.

Kukhulupirira mita imene batire yake ya mkati yatha. Kachizindikiro ka batire kakaoneka pa sikirini, mamita ambiri otsika mtengo amayamba kuonetsa voteji yokwera kuposa yeniyeni. Sinthani kaye batireyo.

Kuganiza kuti 12V singavulaze. N'zoona kuti sikugwedezani mukakhudza ndi dzanja louma, koma sipanala ikagwera pamitu iwiri ya batire, resistance imatsika pafupifupi ziro ndipo karenti imafika ma amp mazanamazana. Chitsulo chimafiira m'masekondi ochepa, ndipo batire ya asidi imene ikuchajidwa imatulutsa mpweya woyaka. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo musanayambe, kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi, ndipo pa galimoto yambani mwamasula waya wa ku −.